Tchete Akana Mwambo wa Pamsangu

Pa mtengo wa msangu wa m'mbali mwa dambo panali koleji ya mbalame, yophunzitsa kumanga zisa. Tchete, wa chaka chachitatu, adayambana ndi Khwangwala, mkulu wa ophunzira, chifukwa cha ophunzira atsopano. Lamulo la pasukulupo linali lowawa: amene chisa chake chagwa pa mvula yoyamba ankabwezedwa kwawo.

Atsopano onse ankalakwitsa chimodzimodzi. Ankatola udzu wouma, poti kwawo ankaona anthu akufolera nyumba ndi wouma, osadziwa kuti chisa chimafuna wauwisi, umene umalimba ukamauma. Akuluakulu ankadziwa zimenezi, koma ankangoonerera ali pa nthambi zapamwamba, kuseka mpaka nthiti kuwawa. Amenewo ndiwo ankati mwambo!

Chaka chimenecho kudabwera Mpheta, wamanyazi, woyamba m'banja mwawo kuponda pakoleji. Tchete adamupeza akulimbana ndi udzu wongothyokathyoka, misozi ili lengelenge. Chifundo chidamugwira, mkwiyonso udamukwera.

"Mng'ono wanga, taya zinyalalazo," adatero Tchete. "Tiye kudambo, uitanenso anzako."

Kumeneko adawaonetsa kung'amba udzu wauwisi, kuuponda ndi phazi, n'kuukulunga panthambi ndi mlomo. Sadawamangire, ayi. Wolakwitsa ankamuuza kuti amasule, ayambirenso.

Khwangwala atamva adatsika atalunda. "Iwe Tchete, wakutuma ndani? Ife tidavutika tokha, palibe adatiuza kanthu!"

"Ndiye chifukwa mudavutika inu, achimwene, aliyense athyoke msana?" adayankha Tchete. "Mnzanga Pumbwa adabwerera kwawo akulira chaka chathu choyamba chija, inu mukuseka. Ine ndiphunzitsa, ndipo ndiphunzitsa dzuwa likuswa mtengo, muziona ndi maso anuwa."

"Udzandifuna," adatero Khwangwala.

Tsiku limene mitambo idachita bii kum'mawa, Tchete adabwerako kudambo n'kupeza chisa chake chili mbwee pansi. Khwangwala anali pamwamba, akupukuta mlomo panthambi. Mtima wa Tchete udasweka, pakuti chisa chimatenga masiku, ndipo mvula inali itayamba kale kununkhira. Zaka zitatu zinali kupita pachabe.

Komabe sadapepese. Adatola udzu umodzi n'kuyamba kuukulunga.

"Achemwali, tasunthani pang'ono," adamveka mawu kumbuyo kwake.

Anali Mpheta wamanyazi uja, ali ndi anzake khumi, aliyense ataluma udzu wauwisi. Wina ankang'amba, wina ankaponda, wina ankakulunga, monga momwe adawaphunzitsira. Mpheta adafika pouza Tchete mwiniwakeyo kuti, "Apa mwalakwitsa, masulani." Dontho loyamba lidagwa akumaliza khomo.

Mvula idagwa yamkuntho, koma zisa khumi ndi ziwiri zija sizidagwe. Chidagwa ndi cha Khwangwala, amene adatha masiku akulondalonda Tchete, chake osachilimbitsa. Lamulo lomwe ankaseka nalo anzake lidamugwira iyeyo, ndipo adauluka ulendo wa kwawo popanda womuperekeza.

M'mawa mwake akuluakulu adaitana Tchete kuti akwere kumwamba, akhale mkulu wawo. Iye adakana. Adasankha nthambi yapansi penipeni, imene atsopano amayamba kuterapo akangofika.

Phunziro: Mavuto amene udakumana nawo si cholowa choti usiyire ena. Muonetse njira mnzako wobwera kumene, pakuti kupatsa n'kuika.