Delbert ndi Mwamuna wa M'bokosi

Inu amene munapita kusukulu, tandimasulireni ichi: ndani amalowa m'nyumba za eni Lolemba lililonse osagogoda, akazi n'kumamusekerera amuna awo ali pomwepo, koma sanalawepo ngakhale khofi wa m'nyumbamo? Mwalephera? Musadandaule, naye Delbert Kruse chinamukweza padenga chomwechi.

M'chaka cha 1961, mumsewu wathu wonse kuno ku Iowa, wailesi yakanema inali kwa mchimwene wanga Orville yekha. Lolemba ikakwana seveni, aneba ankadzaza pabalaza kudzaonera sewero loseketsa la m'katauni kena, momwe munali wamakalata dzina lake Rusty, mnyamata wa timaenje m'masaya. Maxine, mwana wa Orville, akangomuona ankagwira pamtima n'kuusa moyo.

Tsono Maxine anali atavala mphete ya chitomero ya Delbert, wothira mafuta m'magalimoto pakona. Munthu wake pakamwa ngati chitseko chopanda loko. Kometera tsitsi ankauza aliyense kuti iye nsanje saidziwa, Maxine atha kuvina ndi bwanamkubwa usiku wonse iye akuwomba m'manja. Chonsecho tonse tinkakumbuka mmene anathamangitsira wogulitsa masache, mlandu wake kungoyamikira chitumbuwa cha maapozi cha Maxine. Tsiku limenelo mtsikanayo anauza Delbert mosapsatira kuti akadzangobwereza, mpheteyo aivula. Mwana wa mchimwene wangayu akanena wanena.

Mwadzidzidzi kanema anadwala. Masiku ena onse bwinobwino, koma Lolemba, Rusty akangotulukira ndi chikwama chake, chithunzi chinkasanduka timadontho tokhatokha ngati mpunga wotayika. Orville ankamenya bokosilo makofi mpaka dzanja kufiira. Aneba ankabalalika akudandaula, kenaka Delbert ankatulukira atapesa bwino, n'kutenga Maxine kukawongola miyendo. Malolemba atatu! Ine ndinatopa nazo, poti kunyumba kwanga kulibe chondiseketsa kupatula mphaka.

Lolemba lotsatira kunachita chimphepo masana onse, ndipo eriyo ya kanema ya padenga inatembenuka yokha. Tinakhala pansi kanema atayamba kale mpunga wake. Tili pafupi kunyamuka, tinangoona chithunzi chayera mbee, mpaka mano a Rusty kumawerengeka. Orville anathamangira panja kukaona chozizwitsacho, n'kupeza makwerero atatsamira kuseri kwa nyumba, Delbert ali pamwamba, eriyo ili m'manja. Iye pofuna kuipotoza monga mwa masiku onse, anali atailozetsa kolondola.

"Akamwini, ndinu mwamuna!" anatero Orville. "Gwirani pompo, musasunthe!"

Wanzeru akadangokhala chete. Koma Delbert anayankha kuti zamawayawaya iye anabadwa nazo, wangobwera kudzatithandiza. Tsono nati yomangira eriyo anali ataimasula yekha masabata apitawo, ndiye akangotaya dzanja chithunzi chinkathawa, ife n'kukuwira pawindo kuti agwire. Anaima choncho, mphepo ikumukwapula, kuseka kwa Maxine kukumufikira kudzera m'chumuni, poti moto tinali tisanayambe kusonkha.

Sewero la tsikulo nalo linachita ngati latumidwa. Chibwenzi cha Rusty chinamukana, iye n'kukhala pakhonde misozi ili chuchuchu. Ine, pongofuna kuthira mchere, ndinafunsa Maxine mokweza ngati munthu wotere n'kumukana.

"Azakhali, ndikadakhala ine bwenzi nditamupukuta misoziyo ndi mpango wanga," anatero.

Kanema anati phethi, mpunga. Kenaka mawu a Delbert anatsika m'chumuni pamodzi ndi mwaye:

"Akuperekeze kutchalitchi Rusty wakoyo! Milungu itatu ndakhala ndikumuchotsa m'nyumba muno, sakumva!"

Woyamba kuphulika ndi kuseka anali Mayi Dvorak a kuseri kwathu, mpaka mano awo oikirira anagwera m'mbale ya mbuliwuli. Tonse tinakhamukira panja. Delbert anali chiimire, nkhope yonse mwaye, sipanala ikusuzumira m'thumba. Bambo wometa tsitsi uja, amene anamva matama onse aja, anafunsa ngati bwanamkubwa angabwereko tsopano kudzavina.

Maxine sanaseke. Anavula mphete, naikweza kuti aione bwino.

"Delbert, munthu wa m'bokosi? Amene sadziwa n'komwe kuti Iowa ili mbali iti? Iyi ndikaiika pamwamba pa kanema, andisungire Rusty mpaka utachira. Adadi, chotsani makwerero. Kwatsala mphindi khumi, ndipo ndikufuna ndione ngati abwererane."

Orville anagoneka makwerero pa udzu. Delbert anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba, kenaka anatembenuza eriyo pang'onopang'ono mpaka tinamuuza kuti basi. Rusty ndi chibwenzi chake anabwererana. Mphete ija inakhala pamwamba pa kanema miyezi isanu, ine ndikuipukuta fumbi, ndipo mpaka lero Delbert akadutsa kometera tsitsi amamufunsa ngati kumwamba kukuoneka bwino.

Munthu wasankha wekha mtsikana wosangalala, wamaso owala, ndiye uzinjenjemera ndi kuphethira kwa bokosi? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.