Timapepala ta a Kamtedza

Panali munthu wina amene anaphunzitsa za tizilombo pa yunivesite ina kwa zaka makumi atatu. Anthu ankangowatchula kuti a Kamtedza. Sanalembe mabuku. Dzinja likafika ankapezeka m'minda ya anthu, atagwada, akutembenuza masamba a chimanga. Tizilombo timene ankabwera nato ankatiumitsa n'kutibaya ndi pini m'mabokosi agalasi, kalikonse ndi kapepala kake pansi.

A Kamtedza atamwalira, Mayi Mlangali, amene anaphunzira m'manja mwawo ndipo tsopano ankatsogolera dipatimentiyo, anafuna kukhazikitsa mphoto ya chaka ndi chaka m'dzina lawo. Akuluakulu a yunivesite sanakane. Anangoti mphoto imafuna thumba lake, ndipo opereka amatsata dzina lomveka. Awaonetse zimene malemuwo anasiya, apo ayi nkhaniyo ithere pomwepo.

Mayi Mlangali anapita ku mabokosi aja. Mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti pakapepala pamalembedwa malo, tsiku, ndi dzina la amene anagwira kachilomboko. Iwo ankayembekeza kupeza dzina la Kamtedza kambirimbiri.

Pansi pa nkhululu anawerenga kuti Nasibeko, Mayani. Pansi pa kapuchi, Edisoni Chapweteka, Nsipe. Pansi pa bwamnoni panalembedwa kuti mlonda wa pa dibi, dzina wakana. Anatsegula mabokosi masiku atatu. Dzanja linali la a Kamtedza, koma dzina lawo panalibe.

"Aphunzitsi, mwadzikwirira nokha," anatero Mayi Mlangali m'chipinda mopanda munthu.

Kenaka anakumbukira zimene a Kamtedza ankawauza m'kalasi, kuti mwini kachilombo ndi amene wakaona, iwo amangobwera ndi botolo. Ophunzira ankaseka, poyesa nthabwala.

Mayiwo anatenga kope n'kukopera maina onse, mazana asanu ndi limodzi. Anatumiza uthenga kudzera kwa alangizi a zaulimi, wonena kuti bambo wa mabotolo uja anatisiya, ndipo pa tsiku lakuti adzakumbukiridwa. Za ndalama sanatchule.

Ambiri anali atamwalira, ena anasamuka. Anabwera anthu makumi anayi ndi atatu. Pakati pawo panali Nasibeko, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anapempha kuti aone nkhululu yake. Atamuonetsa anaiyang'ana nthawi yaitali, nauza anzake kuti tsiku limenelo ankafuna kukaiotcha, koma bamboyo anamuchonderera mpaka anamusiyira. Kenaka analoza kapepala kaja n'kufunsa chimene panalembedwa. Mayi Mlangali anamuwerengera.

"Zaka zonsezi dzina langa lili ku yunivesite?" anafunsa. "Ine amene sindinapondeko ku sukulu?"

Anamasula mfundo ya chitenje chake n'kuika pagalasi kandalama kamene kanalimo. Ena anaika mtedza, wina nkhuku. Zonse pamodzi sizikanakwana thumba limene linkafunika, tisanamizane. Koma akuluakulu aja anali pomwepo, ndipo sanafunsenso za umboni. Ophunzira akale atamva, anachita manyazi n'kuonjezera.

Mphotoyo ilipo, ndipo ndi yaing'ono. Imakwanira thiransipoti ya wophunzira mmodzi kupita kumidzi, ndi galasi loonera tizilombo. Lamulo lake Mayi Mlangali analemba limodzi lokha: wolandira, asanagwire envulopu, ayambe watchula maina a anthu amene anamuonetsa zimene wapeza. Chaka chilichonse mainawo amasintha. La Kamtedza ndi limene limabwerezedwa.

Inu amene mukundimvetsera, ndikudziwa kuti ena mwa inu mumadera nkhawa dzina lanu, ndipo si tchimo. Koma ntchito iliyonse ili ndi kapepala kake pansi. Mukagwira cholembera, taganizirani amene anayamba kukaona kachilomboko. Lembani ameneyo. Lanu adzalemba ndi ena.