Mmene a Kamtedza Anatayira Chikwama Mumtsinje

Ndikulumbira pali manda a amayi anga, mphezi ing'ambe chipewa changachi ngati ndiwonjezepo liwu ngakhale limodzi! Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, ine amene ndinakwera mapiri onse a dziko lino ndisanamere mano. Khalani pansi, makamaka inu okwatira.

Panali munthu wina, a Kamtedza, ndi akazi awo a Nachisale. Anakalamba limodzi. Maso a mayiwo anayamba kuchita ng'ala, ndipo tsiku lina anati, "Bambo, mathithi a kuphiri aja mwakhala mukundisimbira kuyambira tsiku lomwe munandifunsira. Kandionetseni kusanade m'masomu."

Bambowo anangopita kukabwereka chikwama chobereka kumsana, chija amanyamula alendo okwera phiri. Analongamo bulangete, mphasa, mbaula, mbatata, ketulo ndi kampando koti mayiwo azikhalira akatopa. Mapoto anawamangirira kunja. Chikwamacho chinatalika mpaka akhwangwala anamangapo chisa ulendo usanayambe.

Ananyamuka motsata mtsinje. Mayendedwe athu mukuwadziwa: mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo, pakati mpata woti ng'ombe n'kudutsa. Kugwirana manja panjira timati ndi zamanyazi, za ana asukulu a m'tauni. Ndiye a Nachisale ankangotsata kulira kwa mapoto, ngwe ngwe ngwe, ndodo ili m'manja.

"Muli bwanji kumbuyoko?" ankafunsa bambowo osacheuka.

"Inu yendani. Golosale yanuyo ndikuimva."

Mtsinje umenewo si wamasewera. Ine ndinaviikamo mwendo kamodzi, dzanzi lake linadzatha chaka chinacho. Umagubuduza miyala yaikulu ngati nyumba ya aphunzitsi, ndipo ukamakwera phiri, phokoso limakulirakulira. Njira inafika powolokera, podumpha mwala ndi mwala. A Kamtedza anadumpha, nafika kutsidya, napitirira, maganizo ali pa tiyi amene akawaphikire akazi awo pamathithi.

Koma pamenepo madzi anali atameza kulira kwa mapoto. A Nachisale anaponda mwala uwu, naponda wina, kenaka sanamvenso kanthu. Ndodo inawapulumuka n'kupita ndi madzi. Anaima pakati pa mtsinje, pamwala wa ndere, osadziwa kuti kutsogolo n'kuti. Anaitana, koma mawuwo sanadutse ngakhale mphuno yawo.

Ine ndinali pamwamba pa thanthwe, ndikufula njuchi ndi manja okha monga ndimachitira. Ndinaona a Kamtedza akutembenuka chifukwa funso lawo lija silinayankhidwe, n'kupeza kumbuyo kulibe munthu. Anathamanga kubwerera. Pofika pamadzi chikwama chinkawakokera uku ndi uku, phazi osakhazikika pamwala. Anayang'ana akazi awo, nayang'ana malamba a pachifuwa. Anamasula. Katundu yense anagwera mumtsinje, madzi anathovuka mpaka kundinyowetsa ine kuthanthwe kuja.

Anafika nagwira dzanja la a Nachisale, dzuwa likuswa mtengo, anyani onse a m'phirimo akuonerera.

"Ndani?" anafunsa mayiwo.

"Ndine. Pondani pomwe ndikukuuzani."

"Anthu ationa, bambo."

"Aone."

Dzanjalo sanalisiyenso mpaka kumathithi. Mathithi ake ndi aatali moti madzi akachoka pamwamba Lolemba amafika pansi Lachinayi, atatopa. Awiriwo anakhala pamwala wonyowa, opanda mphasa, opanda tiyi, m'mimba mukulira. Timadontho ta madzi tinkawawaza kumaso.

"Mukuona?" anafunsa a Kamtedza.

"Ndikuona choyera chachitali, ngati nsalu yoyanika kuchokera kumwamba. Chakwana chimenecho." Mayiwo anasisita chikhatho cha amuna awo. "Koma dzanja lanuli ndi lokhakhala ngati chitsononkho. Zaka zonsezi sindinkadziwa."

"Ndilichotse?"

"Mwayamba misala? Lisiyeni pomwepo."

Tsono inu ana anga, mumasenza zambiri chifukwa cha anthu anu, ndipo sindikukunyozani. Koma amene mukumusenzerayo ali kumbuyo, akungotsata phokoso lanu, ndipo tsiku lina madzi adzakula. Muzicheuka msanga. Katundu akakuletsani kubwerera, masulani lamba.

Ukuti chiyani iwe Fanuwelo? Ndinamva bwanji zokamba zawo pomwe mtsinje unkasokosa chotero? Zamkutu zimenezo! Makutu angawa amamva nyerere ikutsokomola kuseri kwa phiri. Tandipatsa fodyayo, usandiwonongere nkhani.