Kapinga wa Pakhomo ndi Kapinga wa Kuseri

Chilape, koma musathamangire kuyankha. Ana awiri a mimba imodzi: womwa tsiku ndi tsiku anafa ndi ludzu, womwa mwa apo ndi apo akali moyo. Ndani amenewa?

Panali munthu wina kuchigwa kotentha, kumene m'chilimwe ngakhale mthunzi umatuluka thukuta. Mkazi wake anamwalira, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Edesi, anapita kukagwira ntchito kutali. Asananyamuke, Edesi anabzala kapinga kuzungulira nyumba, pakhomo ndi kuseri komwe.

"Ababa, musamuphe," anatero atasenza kale chikwama. "Chinkhoswe changa chidzachitikira pompano. Ndikufuna ndidzaponde pobiriwira, osavala nsapato."

M'nyumba munatsala mipando itatu, wokhalidwa umodzi. Bamboyo analibe wolankhula naye, choncho ankalankhula ndi kapinga wa pakhomo. Kusungulumwa kunkamugwira kwambiri dzuwa likafika paliwombo, nthawi imene kale ankadya ndi mwana wake. Pamenepo ankatunga madzi m'chikho n'kuwaza ndi zala, pang'onopang'ono, ngati akusukusula khanda. Dothi lotentha linkangolira kuti tsiii, madzi n'kubwerera kumwamba asanalowe pansi. Koma masamba ankanyezimira kwa kanthawi, iye mtima n'kukhala m'malo.

Kuseri sankakulabadira. Kunkangofika madzi otsukuluzira zovala basi. Tsiku lochapa, m'mamawa, ankakhuthulako beseni lonse n'kuchoka osacheuka.

A Nachisale, oyandikana naye nyumba, ankadutsa pomwepo popita kumjigo, kamdzukulu kawo kakutsatira m'mbuyo.

"Alamu, anzanu akuweta mbuzi, inu mukuweta udzu? Mudzaudya wothira mchere kapena wotendera?"

"Pitani mukapope, mlamu, mzere ukukudikirani."

"Ndikapope chiyani? Mjigo wayamba kutsokomola. Madzi mukumwetsa dzuwawo mudzawalira, ine ndanena."

Sipanapite nthawi, mjigo unaphwa. Madzi anatsala kumtsinje, kutali, ndipo miyendo ya munthu wamkulu sinkatha kupitako kawiri. Chikho chinauma. Kapinga wa pakhomo anafiira, kenako anayera ngati imvi, kenako anayamba kuthetheka pansi pa mapazi. Bamboyo anagwada, nagwira tsinde limodzi. Linazuka lokha, mizu yake yosaposa chikhadabo. Ikanatsikiranji pansi, pamene madzi ankaipeza pamwamba?

Misozi itayamba kulengeza, anazembera kuseri kuti odutsa asamuone. Kumeneko anaima. Kapinga woiwalika uja anali moyo, wotuwa ndi fumbi koma wobiriwira. Anakumba pambali pake ndi khasu, napisa dzanja mpaka m'chigongono, mizu ili kutsikabe, kulondola chinyezi kumene dzuwa silifika.

M'mawa mwake, kusanatenthe, anadula zidutswa za kapinga wa kuseri ndi dothi lake lomwe, nazibzala pakhomo. Anakhuthulirapo ndowa yonse imene anasenza dzulo lake, mpaka nthaka inamwa n'kukhuta. Anaphimbapo mapesi.

Dzuwa linakwera. Kusungulumwa kunafika pa nthawi yake, ngati mlendo wodziwa njira, ndipo dzanja linapita lokha pachikho. Anachinyamula, nachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachipachika pamsomali wa pamwamba pa chitseko, nakakhala pakhonde, manja atawapana pakati pa mawondo. Anasiya kapingayo amve ludzu, kuti mizu itsike kukafuna madzi. Tsiku limenelo sanawaze. Mawa lake sanawaze. Ankadikira mpaka masamba ayambe kupinda, n'kuthiranso mokwanira, mbandakucha. Kusenza ndowa sikunali kowawa kwenikweni. Chowawa chinali masana aja, opanda chochita ndi manja, opanda woti amuuze kuti ndabwera.

Mvula yoyamba inapeza pakhomo pali pobiriwira. Edesi sanabwere chaka chimenecho. Anangotumiza mawu kuti mwina chaka chamawa.

Ana awiri aja mwawadziwa tsopano. Inu amene muli nacho chokondedwa chanu, kaya ndi udzu, kaya ndi munthu, musanatunge madzi dzifunseni kuti ludzu limene mukufuna kupha ndi la yani, lake kapena lanu. Thirani mokwanira, dzuwa lisanakwere. Mukatero chotsani dzanja, mizu ipite kumene inu simungailondole.

Madzi atabwerera kumjigo, a Nachisale anadutsanso ndowa ili pamutu. Sanaseke. Kamdzukulu kawo kanaima m'mphepete mwa kapinga, kakugwiragwira ndi chala chakuphazi. Kanayang'ana udzu, kanayang'ana chikho pamsomali, kanayang'ana bambo uja ali yekha pakhonde, maso ali kumsewu.

"Agogo," kanatero kakukoka chitenje cha a Nachisale, "kapingayu amamuthirira ndi agogo awa. Nanga iwowo amawathirira ndani?"