Ana a Namzeze Amene Sanasunthe

Namzeze ndi Khwangwala ankakhala pa siteshoni ina yaing'ono ya sitima, ndipo sankagwirizana pa nkhani ya liwiro. Namzeze, mayi wodzitama, ankati palibe chomuposa pansi pano. Khwangwala, mtolatola wa zonyezimira, ankati kuwala kumamuposa. Pofuna kumuputa, m'mawa uliwonse ankawalitsa chibenthu cha kalilole pachisa cha Namzeze, ana ake n'kutuluka kukathamangitsa kadontho kowalako.

Chisacho Namzeze anachimata kunsi kwa denga la bogi yakale ya sitima imene inaima panjanji zaka ziwiri. Munali ana atatu ongophunzira kumene kuuluka. Tsiku lina popita kukasaka chakudya anawalamula kuti, "Musasunthe mpaka ndibwere."

Pobwera anapeza njanji ili yokha. Bogi ija anali ataikoleka ku sitima ya katundu, ndipo inali ikupita. Anataya chiswe chimene anali nacho kukamwa, nauyatsa ulendo mpaka kuyandikira chisa.

"Tulukani! Mukutengedwa!"

"Ife sitinasunthe, Amayi," anayankha mwana wamkulu. "Takhala phee monga munanenera. Ikuthawa ndi mitengoyo, ndi inuyo."

Mwanayo sankanama, ndipo n'chimene chinamuopsa kwambiri mayiyo. Sitima inafika potsetsereka n'kuwonjezera liwiro. Mapiko a Namzeze analema, mawu ake anamezedwa ndi phokoso la zitsulo, chisa chikucheperachepera. Kutsogolo kunali phiri, ndipo ankadziwa kuti njanji ikakhota kuseri kwake, basi kwatha.

Anagwera pamtengo wa magetsi ali wefuwefu. Khwangwala anatera pambali pake, kalilole ali kukamwa.

"Musadzivute, achimwene," analira Namzeze. "Sitima ikuthawa. Kuwala kwanuko kutsalira m'mbuyo ngati ine."

"Inu sitima yakudyerani liwiro, mayi," anatero Khwangwala, akupanira kaliloleyo ndi phazi. "Kuwala ayi. Woima, wothawa, wobwera, onse kumawapeza ndi liwiro limodzi."

Analozetsa kaliloleyo kudzuwa. Namzeze asanaphethire, kadontho kaja kanali katavina kale pabogi. Kunatuluka kamwana kamodzi, kenako kachiwiri. Namzeze anadikira kachitatu, khosi lili m'mwamba, mpaka bogi inakhota.

Awiriwo anafika akudabwa kuti mitengo yaimanso.

"Nanga mkulu wanu?"

"Kuwala anakuona, Amayi. Kunafika monga masiku onse. Koma anati iye ndi womvera, sasuntha mpaka mubwere."

Namzeze sanatsutsanenso ndi Khwangwala. Mpaka lero amakhala pawaya, maso ali kunjanji, ndipo sitima iliyonse ikamadutsa amaitsatira pang'ono n'kubwerera.

Phunziro: Amene wakhala phee m'maso mwake angathe kukhala akuyenda m'maso mwako. Usanalamule mwana, yamba waona dziko kuchokera pamene iye wakhala; ndipo kuthamanga sikufika, chilipo chokuposa.