Zitumbuwa za Efua

Kodi chinaliza bambo Mphwiyo m'laibulale ya payunivesite Lachitatu lija n'chiyani? Ophunzira anafunsana. Ankadziwa ndi Efua yekha, mtsikana wochokera ku Ghana.

Bambo Mphwiyo ndiwo ankadinda makhadi obwerekera mabuku, ndipo wophunzira wochokera kunja sankamudindira asanalawe chakudya cha kwawo. Mayeso anali atayandikira, koma khadi la Efua linali likadali m'dirowa.

"Mwanangu, dzanja lanjala silinyamula chidindo," iwo anatero.

Efua anamva kuti Lachitatu mkulu wa laibulale adzayendetsa alendo m'nyumbamo. Anakazinga zitumbuwa, mkatimo atabisamo tsabola wakambuzi wodzaza dzanja. Alendo ali pakhomo, anapatsa bambo Mphwiyo chitumbuwa m'kapepala konona mafuta.

"Bambo, kwathu timaponya chathunthu m'kamwa. Chitani changu, akubwera!"

Bambo Mphwiyo anawerama kuseri kwa tebulo, pansi pa chikwangwani choletsa kudya chimene analemba okha, naponya chitumbuwacho m'kamwa. Anadzuka maso ali psuu, misozi chuchuchu.

"A Mphwiyo, kwagwanji?" anafunsa mkuluyo.

Kulavula sakanatha, kuyankha sakanathanso.

"Akundilirira ine, bwana," anatero Efua. "Akuti mlendo ndavutika milungu itatu wopanda khadi."

Alendo anagwidwa chifundo. Bambo Mphwiyo anangogwedeza mutu, nadinda khadilo mwamphamvu, n'kuthamangira kumpopi.

Tsono makolo anzanga, kutali mwana alibe womuyankhulira. Wanu akamapita kukaphunzira kunja, chonde musaiwale kumulongezera tsabola.