Mphaka Amene Anafuna Kudya Dzuwa

Kalekale, ana inu ndi akulu omwe, mumzinda wina munali nyumba yosanja katatu. Padenga pake pankakhala Buluzi, ndiponso Nkhunda ndi ana ake atatu. Pankabweranso Mphaka, chimphaka chosakhuta.

Tsiku lina anthu anakwera padengapo. Kho kho kho! Kho kho kho! Pochoka anasiya magalasi akuda bii, opendekeka. Ankati ndi masola.

"Aipitsa denga," anatero Nkhunda. "Likuoneka ngati lapsa."

"Koma pansi pa magalasiwa pali kampata," anatero Buluzi.

Asanamalize, chiphazi chinamupanikiza pamsana. Anali Mphaka. Nkhunda anafungatira ana ake.

"Ndiyamba ndi iwe," anatero Mphaka. "Kenako tianato."

Buluzi anati, "Idyani, bwana. Kungoti ndikukumverani chisoni. Inu kumatafuna mafupa anga, anthu akudya dzuwa."

"Akudya chiyani?"

"Dzuwa. Magalasiwa amalimwa, n'kulitsitsira m'nyumba kudzera m'mawaya. Simukuona mmene anenepera eni nyumba?"

Mphaka anameza malovu. Eni nyumba anali onenepadi.

"Ine ndingalidye bwanji?"

"Mugone pagalasi chafufumimba, mutsinzine. Lilowa lokha."

"Ukandinamiza?"

"Ndithawira kuti, bwana? Denga ndi lomweli."

Mphaka anachotsa phazi, anakwera, anagona. Dzuwa linali paliwombo. Buluzi anakodola Nkhunda, ndipo anayamba kukankhira ana mukampata kaja, mwakachetechete. Woyamba analowa.

"Kukutentha," anatero Mphaka.

"Ndiye kuti layamba kulowa. Pirirani."

Wachiwiri analowa.

"Mimba ikupsa, iwe."

"Kukhuta kwake n'komweko, bwana."

Wachitatu anakakamira pakhomo, nalira: tswii! Mphaka anatsegula diso limodzi. Anaona zonse. Anadzambatuka kuti awalumphire, koma galasi silidziwa zikhadabo. Kwee! Kwee! Anatsetsereka chammbuyo, anadutsa m'mphepete mwa denga, mpaka mumgolo wa madzi pansi: phava!

Eni nyumba anatuluka ndi tsache. Mphaka anathawa ali chonyowa, mimba ikunyeka, ndipo padenga paja sanakwerenso.

Nthano yanga yatsetsereka mpaka pano, yathera pompa. Tsono mukamva wina akuti pali chakudya choposa chimene mwagwira, muyambe mwamufunsa chifukwa chake iyeyo ali wowonda.